Dzanja Pansi pa Dengu

Amene mwaima pakhomopo lowani mukhale pansi, nkhani yanga siluma, imangonunkha pang'ono. Andiuza kuti pamsonkhano uno wa ife othandizira aphunzitsi aliyense alankhule mwachidule. Ndayesetsa. Ndachita kulemba papepala kuti ndisathire mchere wambiri, poti m'kamwa mwangamu mano anatha koma mabodza ena akadabisala m'makona.

Ndine Laitoni Khuliwa, kwathu ku Chimaliro, koma ndakulira m'tiyi ndipo ndakalambira momwemo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Si kuti mutu unali wouma, ayi, kabudula ndiye anang'ambika malo oipa ndipo wina panalibe. Ndinatchola tiyi zaka zambirimbiri mpaka anandikweza kukhala kapitawo. Pamenepo mpamene ndinapata dzina limene achikulire ena muno akulidziwa. Inu a kumbuyoko musayambe kuseka, ndakuonani.

Amene simunaberekepo dengu kumsana, mvetsani. Tiyi wofunika kufakitale ndi masamba awiri anthete ndi kansonga kake, basi. Koma wotchola amalandira molingana ndi kulemera kwa dengu. Ndiye wina akafuna kuti lilemere msanga amapulula ndi masamba okhwima omwe, ndi timitengo tomwe, n'kuziponya pansi, pamwamba n'kuyalapo anthete okongola ngati akukaonetsa kwa apongozi. Kapitawo waulesi amangosuzumira pamwamba n'kunena kuti, "Ladutsa, pita kusikelo." Ine sindinkatero. Ndinkapinda malaya mpaka m'chigongono, dzanja n'kulilowetsa mpaka likhudze nsungwi za pansi. Ndikatulutsa tsamba lokhwima, dengu lonse khuthu, usankhe. Anthu ankanditcha Dzanjapansi. Sankandikonda, koma sindinamvepo wina akunena kuti ndamunamizira.

Nditapuma ntchito ndinakhala pakhomo miyezi ingapo kukangana ndi nkhuku. Kenaka a komiti ya sukulu yathu anabwera. Anati Sitandade 3 ili ndi ana opitirira zana, mphunzitsi ndi mmodzi, a Madamu Chikopa, ndipo mawu awathera pakhosi. "Inu munkalamulira gulu la anthu a ndevu zawo. Ana angakukanikeni? Muzikangoletsa phokoso ndi kuthandiza kuchonga makope. Ya sopo tizikuonerani." Ndinavala jekete, ndinapesa imvi, n'kumapita ngati nduna.

Sabata yoyamba inakoma. Yachiwiri inakomako. Yachitatu ndinazindikira kuti andilemba ntchito yokhala pansi.

Anzanga, inu mukuidziwa ntchito imeneyi. Malo anga anali kumbuyo kwa kalasi, pa desiki lothyoka mwendo limene tinalichirikiza ndi njerwa. A Madamu alemba chiganizo pabolodi, awerenga, ana abwereza. Awerenganso, ana abwerezanso. Ine changa n'kuti, "Chete!" Pakapita nthawi, "Iwe, khala pansi!" Basi, ntchito yatha, koma dzuwa likadali kum'mawa. Kumunda tsiku limakhala ndi mutu ndi mchira. Wapatsidwa mzere wako, ukuona pothera, thilakita ikubwera kudzatenga masamba, thupi likudziwa kuti lagwira kanthu. M'kalasi muja nthawi inkayenda ngati nkhono yodwala. Mabowo a malata ndinawawerenga mpaka kuwaloweza. Abuluzi a pakhoma ndinawapatsa mayina a mabwana anga akale. Wonenepa uja anali manijala, ndipo tinkayang'anizana tsiku lonse monga kale, iye n'kumagwedeza mutu osagwira kanthu, monganso kale. Thilakita ikamadutsa kumsewu miyendo yanga inkafuna kudzuka yokha.

Achinyamata amati kuboweka, ife timati kunyong'onyeka. Mutchule mulimonse, ndi matenda oti sungapite nawo kuchipatala. Ndipo amachititsa manyazi kuwanena. Anzako akupsa ndi dzuwa kumunda, iwe uli pamthunzi utavala jekete, ungauze ndani kuti watopa ndi kusatopa?

Tsiku lina kunagwa chiperoni, kamvula kaja kolowa m'mafupa. Pa buleki ndinati ndiwongole miyendo. Miyendo yake inawongokera njira ya m'mibulugamu, yotulukira kukompaundi, kumene mayi wina amatcheza kachasu. Ndinati kamodzi kokha, ka chisanu. Nditabwerera m'kalasi, aa! Mabowo a malata anasanduka nyenyezi, ana ankabwereza ngati kwaya, tsiku linatha lokha. Mawa lake kunalibe chiperoni, koma chisanu ndinachipeza ndithu. Mwezi usanathe ndinasiya kuvutika ndi kuyenda. Ndinatsuka botolo la mankhwala a chifuwa, n'kumalidzaza m'mawa ndikamabwera, n'kuliika m'thumba la jekete. Kutsokomola kawiri mwaulemu, kutembenukira kukhoma, kumeza. Pamwamba pake kutafuna khungu la ndimu. Ana ankandimvera chisoni: "Agogo chifuwa sichikutha." A Madamu anandiuzapo kamodzi akudutsa, "A Khuliwa, mankhwala anuwa akununkha ngati pa ukwati." Ndinawayankha kuti ndi amphamvu, a kwa asing'anga a ku Mphuka. Anangondiyang'ana n'kubwerera kubolodi.

Nanga makope? A Madamu ankawagawa pawiri, mulu wawo ndi mulu wanga, n'kundipatsa bolopeni yofiira. Poyamba ndinkawerenga. Kenaka ndinkangoona ngati patsambapo pali zolemba. Kenaka ndinkangotsegula. Chonga, chonga, chonga, m'munsi ka "Gudu". Ndinachongapo tsamba limene mwana anajambula galimoto. Ndinachongapo banga la mafuta a mandasi. Ana anatulukira msanga, poti ana ndi ochenjera kuposa otchola tiyi. Nthawi yochongetsa, mzere wa a Madamu unkakhala waufupi, wanga unkazungulira mpaka panja. Ankanditcha Agogo Chonga. Ine n'kumati ndi chikondi. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Materemu awiri anatha choncho. Tsopano ndichepetse liwiro, chifukwa apa mpamene pali fupa.

Linali Lolemba m'mawa, teremu yachitatu, tangolowa kumene m'kalasi. Pakhomo panaima mayi atamanga chipulasitiki chotcholera tiyi m'chiuno, duku lakuda kumutu, dzanja lina atagwira foni, lina atagwira mwana pamkono. Mwanayo anali Felista, kamtsikana kachete ka chakumbuyo, ka makope aukhondo. Mayiyo ndinamudziwa pomwepo. Anali Rozina, amene anatchola m'gulu langa zaka zambiri.

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko. Anapempha a Madamu mwaulemu kuti alowe, anadutsa pakati pa ana mpaka kumbuyo kwanga kuja, n'kundilonjera m'Chilomwe.

"Mosheliwa, a Kapitawo."

"Kosheliwa, amake Felista. Kwagwanji? Duku lakudali bwanji?"

"Tandiwerengereni uthenga uwu. Ine paja sukulu sindinapite."

Ndinatenga foni, ndinaitalikitsa ndi maso, ndinawerenga mokweza ngati munthu wodziwa ntchito. Unachokera kwa mchimwene wake wa ku Thekerani. "Chemwali, mayi adwala kwambiri. Akungotchula dzina lanu. Bwerani msanga."

"Ndi mmene alembera?"

"Ndi momwemo."

"Palibe za nthochi?"

"Nthochi? Palibe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Uthengawu unafika masabata awiri apitawo, Lachiwiri. Ndinapatsa mwana wangayu, wa Sitandade 3, wochongedwa tsamba lililonse. Anandiwerengera kuti, 'Moni chemwali, kuno tonse tili bwino, nthochi zapsa.' Ndinasangalala. Ndinamugulira ndi mandasi omwe. Loweruka mchimwene anachita kubwereka foni ya mayunitsi n'kuimba kuti mayi atisiya. Anandidikira masiku anayi akuyang'ana kukhomo. Pamaliro abale anga sanandipatse ndi moni yemwe. Akuti ndinanyoza mayi wondibereka chifukwa cha makilo a tiyi."

M'kalasi munali zii. Ana onse aja, osatsokomola ndi mmodzi yemwe. Bata limene ndinalikuwira materemu awiri linabwera lokha tsiku limenelo.

Rozina anasolola kope la mwanayo m'chikwama, analitsegula patsogolo panga, n'kumatembenuza masamba limodzilimodzi. Mofiira mokhamokha. Gudu, Gudu, Gudu.

"Zilembo sindizidziwa, koma kofiiraka ndimakadziwa. Ndi kuti dengu ladutsa. Si choncho?"

Anatseka kopelo n'kupitiriza.

"A Kapitawo, mukukumbuka chaka chija ndili ndi pakati pa mwana yemweyu? Munandikhuthulitsa dengu pamaso pa gulu lonse, dzuwa lili paliwombo. Ndinasankha masamba nditagwada mpaka thilakita inandisiya. Ndinalira, koma sindinakusungireni chakukhosi, poti okhwimawo analimodi. Ndinkati munthu uyu ndi wouma mtima koma sanama. Nditamva kuti mwana wanga ali m'manja mwanu ndinauza anzanga kumunda kuti basi, wanga aphunzira, kuli Dzanjapansi. Tsono ndiuzeni. Tiyi wa eni munkamulowetsera dzanja. Mwana wanga mwamuyang'ana pamwamba. Dzanja lija munalisiya kuti?"

Anaweramira pafupi, ananunkhiza kamodzi, n'kuyang'ana thumba la jekete.

"Oo. Lili ndi ntchito ina. Likufungatira botolo."

Abale anga, ndakhalapo pamilandu, ndatukwanidwapo ndi mabwana m'zilankhulo zitatu, koma tsiku limenelo ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowe.

A Madamu anatulutsa ana kuti akalandire phala nthawi isanakwane. Tinatsala anayi. Rozina anati wabwera kudzatsanzika. Mwana akumuchotsa sukulu, azikalera mng'ono wake wakhanda kuti iye azipita kumunda mtima uli m'malo. "Zaka zitatu kutha sopo kuchapa yunifolomu, mwana osatha kundiuza kuti agogo ake akufa. Bola andithandize pakhomo."

A Madamu anachonderera, Rozina sanamve. Ndiye ine, amene sindinagwadirepo wotchola tiyi chibadwire, ndinatsika padesiki, mawondo akulira ngati chitseko, n'kugwada pasimenti.

"Amake Felista, mayi anu sindingawabweze. Wolakwa si mwanayu, ndine. Ndipatseni mpaka tsiku lotsekera sukulu. Akapanda kuwerenga mudzamutenge, ndipo ine ndidzachoka naye limodzi pasukulu pano."

Anawerenga masabata pa zala. "Asanu ndi atatu. Ndidzabwera ndekha. Ndipo lolowa m'dengu lidzakhala dzanja langa, osati lanu."

Atapita, ndinamufunsa Felista pakhonde chifukwa chimene ananamira.

"Munkandichonga, agogo. Ndiye ndimaona ngati ndimatha. Za pabolodi ndimajambula mmene zikuonekera, zonena ndimatsatira anzanga. Koma za m'foni panalibe woyambitsa. Amayi amandiyang'ana akumwetulira. Ndiye ndinanena zoti asangalale."

Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Anayala anthete pamwamba, ndipo anamuphunzitsa zimenezo ndine.

A Hedi anafuna kundichotsa tsiku lomwelo, ndipo akanakhoza. Anandipulumutsa ndi a Madamu. Anati, "Inenso ndinkanunkhiza, mzere wa makope ndinkauonanso, koma ndinkatseka maso poti ndinalibe manja ena. Asiyeni akonze chimene awononga." Botolo ndinakalikhuthula pachulu cha kuseri kwa zimbudzi. Mukapita mukaone, chiswe cha pamenepo mpaka lero chimamanga mokhota.

Tsopano za mmene ndinadzukira. Musayembekeze mankhwala a m'botolo, amenewo ndinakuyeserani kale.

Sabata yoyamba manja ankanjenjemera moti choko chinkavina m'zala. Nthawi yoopsa inali ya buleki, pamene miyendo imakumbuka mibulugamu. Ndinapita kwa amayi ophika phala n'kupempha chipande. Munthu amene akugawira ana phala sangazembe, angamugwetse ndi makapu. Pobwera ndi pobwerera ndinayamba kuzungulira njira ya kufakitale, yotalika koma yopanda fungo lija. Ndipo ndisakunamizeni, ndinagwa kamodzi. Loweruka lachitatu, pa chinkhoswe cha mdzukulu wa mlamu wanga, anandisunthira chipanda cha masese. Ndinati masese ndi phala, si kachasu. Masese anatsegula chitseko, kachasu analowa pambuyo. Lolemba ndinakadziulula ndekha kwa a Madamu asanandifunse. Anangoti, "Atsala masabata asanu, a Khuliwa." Bola akanandimenya mbama. Sindinabwerezenso.

Koma kusiya botolo sikuchotsa kunyong'onyeka, kumangokuvula bulangeti. Ndinadzifunsa kuti, kumunda bwanji sindinkanyong'onyeka, chikhalirecho tiyi ndi yemweyo, mizere ndi yomweyo, chaka ndi chaka? Ndinapeza kuti kumunda ndinali ndi mgwazo, gawo langa la tsikulo, lokhala ndi poyambira ndi pothera. Kusukulu ndinkadikira kutumidwa, ndipo mphunzitsi wa ana ochuluka choncho alibe mpata wotuma munthu. Ndiye ndinapita kwa a Madamu n'kuwauza kuti, "Ndidulireni mgwazo." Tinagwirizana kuti tsiku lililonse ndizituluka ndi ana asanu ndi awiri kupita nawo pakhonde, enawo azisinthana koma Felista asasowepo. Desiki la njerwa lija ndinasiyira manijala buluzi.

Pakhondepo ndinapinda malaya. Mwana akatsegula buku, chithunzi ndinkachiphimba ndi chikhatho, chala n'kuloza liwu la kumapeto kwa mzere, kenaka la pakati, kubwerera chammbuyo. Woloweza amagwa pomwepo. Anzanga, ndinatulutsa okhwima ochuluka moti ndinachita mantha. A Felista analipo ambiri, onse atanyamula Gudu wanga. Ndinalumbira kuti bolopeni yofiira sidzakhudzanso pepala ndisanamve mawu a mwini kope. Makope ochongedwa anachepa. Makolo ena anadandaula kuti nkhalamba yayamba umbombo ndi inki. Ndinkawauza kuti abwere adzalowetse dzanja okha.

Ndinapezanso kuti ine mwini ndine dengu lokayikitsa. Kuwerenga ndimatha, koma kuphunzitsa wina kuwerenga ndi ntchito ina. Ana akaweruka, a Madamu ankandikhazika padesiki la kutsogolo, mawondo kuchibwano, n'kundiphunzitsa kamvekedwe ka chilembo chilichonse ndi kulumikiza maphatikizo. Ankandidzudzula ngati wa Sitandade 1. "Bwerezani, a Khuliwa." Ine n'kubwereza. Nkhalamba ikamaopa kufunsidwa siwodzera. Kunyumba ndinkadula makatoni n'kulembapo maphatikizo, ena pa zitsekerero za mabotolo. Mayi a kunyumba anati bola ndizitola zitsekerero kusiyana ndi eni ake.

Koma Felista anatseka pakamwa. Masabata awiri athunthu ankangokhala pakhondepo, maso pansi. Ndikamufunsa, misozi. Ankaopa kuti chilichonse chotuluka pakamwa pake chipha munthu wina. Masiku akupita. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa nyimbo. Tsiku lina ndinamubweretsera nthochi, n'kuzindikira mochedwa kuti ndalakwitsa chipatso.

Chimene chinandithandiza ndi khalidwe langa loipa lomweli la bodza. M'mawa wina ndinalemba pakatoni kuti, "Mbuzi ikudya chimanga." Ndinaima mwaulemu, ndinakonza pakhosi, n'kuwerenga ndikuloza ndi chala: "A Hedi akudya chimanga." Ana asanu ndi mmodzi anabwereza mokweza, "A Hedi akudya chimanga!" mpaka a Hedi anasuzumira pawindo la ofesi. Ndiye ndinamva kamawu kuchokera pansi.

"Si A pamenepo."

Anali Felista. Ndinadzipangitsa kukwiya. "Ndani akutsutsa kapitawo?"

"Ndi M, agogo. A amakhala ndi miyendo iwiri ndi lamba."

"Iwe ukudziwa kuposa ine? Tabwera udzandionetse bodza langalo."

Anadzuka, anaika chala. Zinamutengera nthawi yoti munthu n'kutchola theka la dengu, koma "mbu" anatuluka, "zi" n'kutsatira. Atazindikira kuti watulutsa mbuzi yathunthu m'katoni, yekha, popanda woyambitsa, anandiyang'ana ngati ndamubera kanthu.

"Ndiye munanama!"

"Ndinanama. Mawa ndidzanamanso. Ukapanda kundigwira, a Hedi adya chimanga cha anthu mpaka kutsekera."

Kuyambira pamenepo masewera athu anali omwewo, ine wabodza, iwo ogwira wakuba. Ndinkabwera m'mawa uliwonse ndi bodza latsopano, ndipo kuti ndilipeke bwino ndinkaliganizira njira yonse ya kufakitale ija. Ana sankaphethira, kuopa kuti ndingawadutsitse. "Agogo mwanama!" Belu likalira ndinkadabwa kuti tsiku lapita kuti. Mabowo a malata sindikudziwanso kuti alipo angati.

Musaganize kuti zinangoyenda ngati madzi. Atatsala masabata atatu ndinakumana ndi Rozina panjira akuchokera kusikelo. Ndinayamba kudzitama za mbuzi ija. Anandidula. "Mbuzi situmiza uthenga, a Kapitawo." Ananena zoona. Mawa lake ndinapatsa Felista kafoni kanga kothyoka galasi kuti awerenge za m'menemo, anakabweza ngati kamuotcha, manja kumbuyo. Pakatoni amatha, akaona foni mutu umazima. Ndiye tinapangana ndi a Madamu kuti tsiku lililonse azinditumizira uthenga ali m'kalasi momwemo, ine n'kumadandaula kuti maso akufa. Woyamba unali wakuti, "Phala lapsa." Felista anaugwira ndi nsonga za zala, anawerenga, ndipo palibe anafa. Wachiwiri unali wakuti, "A Khuliwa, pesani tsitsi." Umenewo anauwerenga kawiri, mokweza, kuti onse amve.

Tsiku lotsekera linafika. Rozina anabwera masana kuchokera kumunda, dengu likadali kumsana, zala zakuda ndi madzi a tiyi. Ndinamupatsa mpando, anakana. Ndinatulutsa buku la Chichewa, analikankha.

"Za m'menemo mwina mwamuloweza nazo. Amenewo ndi apamwamba. Ine ndikufuna apansi."

Anakokera a Madamu pakona, anawanong'oneza kanthu. A Madamu anagwira pakamwa, n'kupita kukalemba pabolodi. Kalasi yonse inali momwemo. Rozina analoza ana ndi chala kuti wina asayerekeze kuuzira mnzake. Felista anaima patsogolo n'kuika chala pabolodi.

"Nkha... nkha-la-mba i-yi... i-ka-dza-mwa-nso... ndi-dza-i-nya-mu-la m'de-ngu... mpa-ka ku-si-ke-lo."

Ana anafa ndi phwete. A Madamu mpaka misozi. Ine ndinavula chipewa n'kuwerama, poti mlandu unali woona. Koma Rozina sanaseke. Anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa foni, n'kupatsa mwanayo. Uthenga uja anali asanaufufute.

"Zimenezo nzoseketsa anthu. Tsopano ndiwerengere uwu. Ndinaumva m'kamwa mwa a Kapitawo. Ndikufuna ndiumve m'kamwa mwa amene ndinamutuma."

Kuseka kunazima. Felista anagwira foni ndi manja awiri. Anandiyang'ana. Ine ndinangopinda malaya mpaka m'chigongono kuti aone.

"Che-mwa-li. Ma-yi a-dwa-la kwa-mbi-ri." Anasuntha chala. "A-ku-ngo-tchu-la dzi-na la-nu." Chala chinafika pa mawu omaliza. "Bwe-ra-ni... msa-nga."

Rozina anatseka maso. Anakhala choncho kanthawi, milomo ikuyenda, kaya ankayankha mayi ake. Kenaka anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, anakokera mwanayo pamimba pake.

"Ndamva, mwanawe. Wafikitsa."

Anatembenukira kwa a Madamu. "Yunifolomuyi yafupika. Ndisoketsa ina asanatsegulire." Atafika pakhomo anakonza zingwe za dengu paphewa, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ndinkachitira ine kumunda.

"A Kapitawo."

"Wawa, amake Felista."

"Ladutsa. Koma ndizibwera."

Ndipo amabweradi. Teremu iliyonse amangotulukira osanena, n'kununkhiza jekete langa asanandipatse moni. Felista ali Sitandade 5 tsopano, ndipo kukompaundi ndiye amawerengera amayi mauthenga a m'foni. Akuti uthenga ukakhala woipa sausintha, amangoyamba wagwira dzanja la mwini wake. Koma agogo ake a ku Thekerani sanabwerere, ndipo abale ena mpaka pano sanamukhululukire Rozina. Katundu ameneyo ndi wanga, ndidzapita naye kumanda.

Ndiye inu, anzanga a kumbuyo kwa kalasi. Ndikuona ena mwabwera ndi majekete a matumba akuluakulu, sinditchula mayina. Ena botolo lanu ndi foni, mumangoseweretsa chala pansi pa desiki. Fungo ilibe, koma kuledzera kwake n'komweko, ndipo makope ake mumachonga ngati ine. Ngati mwayamba kupatsa abuluzi mayina, musadikire mayi wa duku lakuda. Lolemba pitani kwa mphunzitsi wanu akudulireni mgwazo. Muyambe ndi mwana wachete uja, wa kope laukhondo uja, amene sanakuvutitsenipo ndi tsiku limodzi lomwe. Bolopeni muipachike kaye kukhutu. Pindani malaya.

Amene akukayika za ine, jekete nali, bwerani mudzapise dzanja m'thumba mpaka pansi. Mupezamo zitsekerero zokhazokha. Koma musanabweze, muwerenge mokweza chimene chalembedwapo, ndimve.